Kanyale kophethira si imfa ya rauta

MILANGE. Mabanja ena kuno tsopano ali ndi rauta, kabokosi kolowetsamo khadi la foni kamene kamabweretsa intaneti m'nyumba. Koma kanyale kake kakangoyamba kuphethira, mwini wake amakwera njinga yamoto kuchokera ku Majaua kapena ku Mongue, kukalipira mmisiri ku vila pa vuto loti akanalithetsa yekha.

Kawirikawiri kanyaleko kamanena zinthu zitatu: mamega atha, khadi silinakhale bwino, kapena redi yafooka. Choyamba munthu aone saldo. Kenako azimitse rautayo, akhazike bwino khadi, adikire mphindi imodzi, n'kuiyatsanso pafupi ndi zenera. Ogwiritsa ntchito sola aonenso batire. Okhala kufupi ndi Muloza adziwe kuti khadi la Movitel, Vodacom kapena Tmcel limatha kugwira redi ya ku Malawi, intaneti n'kuduka. Nthawi zina vuto limakhala pa nsanja, monga zinachitikira m'Zambezia pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Zikatero mankhwala ake ndi kudikira. Asathamangire kubaya kabowo kakuseri ndi singano, chifukwa kutero kumafufuta mawu achinsinsi amene mwiniwake anaika.

Wolakwa si mlimi ayi. Timapepala ta malangizo timabwera m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, ndipo ambiri kumudzi satimva. Wogulitsa asangolandira ndalama, koma afotokozere wogula tanthauzo la kanyale kalikonse m'Chichewa kapena m'Chilomwe. Nazonso wailesi zakumudzi ziphunzitse zimenezi. Ndalama ya nandolo ndi ya thukuta, siyenera kuthera pa kanyale.