Utsi wa m'malimwe suthera pamudzi pathu

Caka ciri conse mwezi wa August ukangofika, thambo la dziko lathu limasintha. Mapiri a ku Chipata saonekanso bwino, dzuwa limalowa lofiira ngati khala la moto, ndipo ana ndi nkhalamba amayamba kutsokomola. Ambiri timangoti ndi nyengo yace. Koma kunena zoona, utsi wambiri umenewu timaupanga ndife tikamatentha thengo pofuna mbewa, msipu watsopano wa ng'ombe, kapena posesa minda.

Akatswiri a zamlengalenga anauyeza kale utsi umenewu. M'miyezi ya August ndi September m'caka ca 2000, pa kafukufuku wochedwa SAFARI 2000, anagwiritsa nchito ndege, kuphatikizapo ya bungwe la NASA la ku America, ndi zida zoyezera zimene zinali ku Mongu. Ku Lusaka anaulutsa mabaluni oyeza mpweya. Anaona utsi wa moto wa m'Zambia, Angola ndi maiko oyandikana nawo ukuyenda pamodzi ngati mtsinje waukulu kumwamba, mpaka kukafika pa nyanja ya Indian Ocean. Moto woyatsidwa kuseri kwa mudzi wathu umapumidwa ndi anthu amene sitidzawaona.

Mu utsi muli zinthu ziwiri zoopsa. Coyamba ndi tizidutswa ta mwaye tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, timene timalowa mpaka m'kati mwa mapapo ndi kukulitsa cifuwa, mphumu ndi matenda a mtima. Caciwiri ndi mpweya wochedwa ozone, umene umapangika utsi ukaombedwa ndi dzuwa. Kumwamba kwenikweni ozone ndi wabwino, cifukwa amatichinjiriza ku ceza coipa ca dzuwa, ndipo maiko anagwirizana kumuteteza ku Montreal mu 1987. Koma pansi pano amapweteka cifuwa ndi kuononga masamba a nyemba, soya ndi tirigu.

Sitikuti mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke ndiye anadzetsa cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 February 2024. Cilala cija cinadza ndi El Niño, ndipo kutentha kwa dziko lapansi kwakula makamaka cifukwa ca malasha ndi mafuta otenthedwa m'maiko a mafakitale ambiri. Koma funso ndi ili: mvula ikadula, munda uti umapirira? Munda wophimbidwa ndi mapesi umasunga cinyezi. Munda wotenthedwa umakhala pambalambanda, dzuwa ndi kuuwamba, mvula yoyamba ndi kukokolola dothi lapamwamba. Mapesi akapsa, cakudya ca nitrogen cimapita ndi utsi, kenaka tigulanso feteleza wa urea pa mtengo wokwera. Ndi cifukwa cace alangizi a ulimi wosunga nthaka akhala akutiuza kuti tisatenthe mapesi.

Ena adzati makolo athu anali kutentha thengo. Zoona, ndipo moto uli ndi nchito yace. Koma moto wa May kapena June, udzu ukali wauwisi pang'ono, umayenda mofatsa ndi kuzima usiku. Moto wa September ndi October umapha mitengo yaing'ono, umatha udzu wofolerera nyumba, ndipo nthawi zina umafika ku nkhokwe.

Conco tipempha mafumu ndi anyakwawa kuti aike nthawi yotenthera thengo, ndipo wotentha nthawi itapita aitanidwe ku bwalo. M'maparishi, nkhaniyi ikambidwe pa misonkhano ya m'zigawo mwezi wa July usanathe. Makolo tiuze anyamata athu kuti mbewa zimakumbidwa ndi khasu, ndipo tilambule m'mbali mwa minda moto usanafike. Mbewa khumi za pa ndodo sizingalipire munda umene watha mphamvu.