Mwera ukamawomba, ndiwo zichokere kuseri kwa nyumba



Chaka chilichonse mu Juni ndi Julaye mwera umawomba masiku angapo osalekeza. Mabwato amakhala pamtunda, alovi amangosoka maukonde, kausipa kamene kapezeka kamakwera mtengo, ndipo m'makomo ambiri ana amagona ndi nsima ya mchere. Ine ndikuti izi zisamachitike pakhomo pamene pali malo okwana mphasa zinayi kuseri kwa nyumba. Pamalo amenewo tidzalepo nsawawa ndi khobwe, zoti tidye ife eni, osati zodikira mavenda.

Ena anena kuti nsawawa ndi mbewu ya kozizira, ya ku Dedza ndi Ntcheu, kuno kwathu singachite. N'zoona kuti imadana ndi kutentha, koma nafenso tili ndi miyezi yathu yozizira. Mukadzala kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, imachita maluwa nthawi yachisanu, ndipo pakatha miyezi iwiri ndi theka mumayamba kuthyola, mwera uli pakati. Mukachedwa mpaka Ogasiti mwataya mbewu, chifukwa dzuwa la Seputembala limayoyola maluwa. Amene malo awo ndi otentha kwambiri adzale khobwe. Iyeyu saopa dzuwa, ndipo amakupatsani chitambe musanaone n'komwe makoko.

Kalimidwe kake si kovuta. Gaulani bedi, sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino. Njere zilowe pansi masentimita 3 kapena 4, ndipo zitalikirane ngati zala zitatu. Zikamera zikani timitengo kapena bango kuti ziyangepo, chifukwa nsawawa yogona pansi imawola. Thirirani patsinde, osati pamasamba, kuopa nthenda ija yoyeretsa masamba ngati awazidwa ufa. Madzi musadandaule nawo: amene timatawazira pochita udhu kasanu patsiku amangotayika, chonsecho kangalande kakang'ono kangawafikitse pabedi. Nsabwe zikagwa, sinjani masamba a nimu, aviikeni usiku wonse, muwaze madziwo.

Pokolola ndi pamene ambiri amaluza. Thyolani m'mawa, makoko atafufuma koma akadali obiriwira, dzanja lina litagwira tsinde kuti lisazuke. Muzithyola pakapita masiku awiri kapena atatu. Mukasiya makoko kuti akhwimire pomwepo, mbewu imaleka kuchita maluwa. Mzere umodzi wokha ndiwo muusiye uume kuti ukhale mbewu ya chaka chamawa, muisunge ndi phulusa kuopa anankafumbwe. Mukamaliza dulani mapesi koma mizu isiyeni m'nthaka, chifukwa mbewu za mtundu wa nyemba zimawonjezera chonde. Khobwe wouma ndi mfutso wa chitambe muzisungire Novembala ndi Disembala, nthawi imene boma limatseka nyanja kwa makoka kuti chambo chiswane.

Ndanena kuti zikhale za mumphika chifukwa tonse tikukumbuka chaka cha 2017. Dziko la India litachepetsa nandolo wogula kunja, mtengo unagwa, ndipo alimi amene anadalira kugulitsa anatsala ndi matumba m'nyumba. Mtengo wa pamsika amaupanga ndi ena kutali. Mbale ya ndiwo ya mwana wanu mumaipanga ndinu.

Tsopano ndinene chimene chimapha madimba a pakhomo, chimene sitikonda kuchitchula kumzikiti chifukwa eni ake timaswali nawo pamzere umodzi. Ndi mbuzi. Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, anthu amamasula ziweto, ndipo nthawi yake ndi yomweyo imene nsawawa ikumera ndiponso nandolo akadali m'munda. Mayi amathirira milungu isanu ndi umodzi, mbuzi za mnansi n'kumaliza zonse usiku umodzi. Akadandaula amauzidwa kuti nyengo ino ziweto zimayenda. Chaka chotsatira mayi uja sadzalanso.

Chipembedzo chathu sichinasiye nkhaniyi popanda chigamulo. Mu Surah Al-Anbiya, ndime 78 ndi 79, Allah akutikumbutsa za Mtumiki Dawud ndi mwana wake Sulaiman poweruza mlandu wa munda umene ziweto zinalowamo usiku. Ngamira ya Bara ibn Azib itawononga munda wa munthu, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anagamula kuti masana mwini munda ateteze munda wake, koma usiku mwini ziweto asunge ziweto zake, ndipo zikawononga usiku alipire. Aliyense ali ndi mbali yake. Mwini dimba amange mpanda wa bango kapena minga asanadzale. Mwini mbuzi amange khola, azitsekera dzuwa likamalowa. Mbuzi yonenepa ndi thukuta la mnansi, tidzaipereka bwanji pa Qurban?

Abambo, mpanda ndi ntchito yanu. Masiku amene mwera wakutsekerezani pamtunda, m'malo mokhala pabawo kuyambira Dhuhr mpaka Maghrib, dulani bango, kumbani ngalande. Mafumu ndi makomiti a mizikiti akhale pansi mwezi wa Epulo usanathe, agwirizane za mbuzi ndi chindapusa chake, kuti mlandu ukadza pasakhale kuyang'ana nkhope. A ku Mbenje kwa Mfumu Makanjira ku Salima amatseka chilumba chawo miyezi ya dzinja chaka ndi chaka, asodzi n'kumvera. Ngati anthu angagwirizane pa za nsomba zili m'madzi, alephera bwanji pa za mbuzi zili pabwalo?

Ndipo mukathyola, kumbukirani mbale ya mayi wamasiye wa pafupi nanu. Riziki amapereka ndi Allah, koma khasu anatipatsa kuti tiligwire.