Musanadine Free up space, werengani kaye izi

 A admin pepani, uthengawu ndi wautali, koma chonde musauchotse.

Sabata yatha mlongo wina anafunsa muno kuti foni yake ikumangolemba kuti yadzaza, WhatsApp ikukana kutsegula zithunzi, ndiye atani. Wina anati aike app yotsukira foni. Wina anati apite nayo kwa anyamata a mafoni akaiflashe. Ambiri munati angotsegula Google Photos, zonse zikwere ku cloud, kenako afufute. Malangizo achitatuwa si oipa, koma ndi theka chabe. Theka limene simunanenelo ndi limene linandiliza ine.

Amene mumandidziwa mukudziwa njira yanga. Ndimaoda zitenje ku Limbe, ndimatulukira pa Mwanza, kulowa Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Changara, Catandica mpaka Machipanda, n'kulowa Mutare pa Forbes. Katundu wina amapita ku Hauna ku Honde Valley, wina ku Chipinge mpaka Mount Selinda, kufupi ndi nkhalango ya Chirinda kumene kuli mbawa yaikulu ija amati Big Tree. Makasitomala anga ambiri ndi othyola tiyi, ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasalande kalekale kudzafuna ntchito m'maesiteti. Malemu bambo anga, a ku Mulanje, anali mmodzi wa iwo. Anthu amenewa sagula kashi. Amatenga pa ngongole, amapereka malipiro akatuluka. Ndiye mpamba wanga weniweni umakhala m'kope la ngongole.

Chiyambireni Cyclone Idai mu March 2019, pamene tinaona anzathu a ku Chimanimani ndi Chipinge atatsala opanda chitupa kapena pepala lililonse, ndinazolowera kujambula chilichonse. Tsamba la kope likadzaza, ndijambule. Lisiti la katundu, ndijambule. Mapepala akale a bambo nawonso ndinawajambula, chifukwa ife obadwira kuno timadziwa mmene pepala limodzi limavutira. Malamulo a dziko a 2013 anatipatsa unzika ife obadwira ku Zimbabwe kwa makolo ochokera m'maiko a SADC, komabe ukapita kukasintha chitupa chakale chija cholembedwa kuti alien umafunika kusonyeza kuti unabadwira kuti, kwa yani.

Tsiku lina foni inadzaza ndili m'tauni ya Chipinge. Ndinaipereka kwa mnyamata wina wa pa benchi ya mafoni. Anatsegula Google Photos, anandionetsa mawu akuti "Backup complete", nati, "Mayi, zonse zili ku cloud, musadandaule." Kenako analowa m'mafoda n'kusesa. Foni inapepuka, ndinamupatsa dola imodzi, ndinamuthokozanso.

Patapita miyezi iwiri chikwama changa chinasowa m'basi, kope lili momwemo. Sindinagunde mtima kwambiri poti ndinali ndi zithunzi. Masamba amene ndinajambula ndekha ndi kamera ndinawapezadi onse. Koma panali masabata atatu amene ndinali ku Malawi, mwana wa achemwali ndiye amagulitsa, ndipo masamba amenewo amanditumizira pa WhatsApp. Amenewo kunalibe. Zithunzi za maliro a bambo zimene msuweni wanga ananditumizira, kunalibe. Mwana uja anali atafufuta kale zake, foni ya msuweni inabedwa. Ngongole za masabata atatuwo zinali madola pafupifupi 300. Ena anabwera okha kudzalipira, Mulungu awadalitse. Ena mpaka lero amati sakukumbuka bwino.

Mnyamata uja sananame dala. Iyenso sankadziwa zimene ndikufuna mumvetse apa. Mawu akuti "Backup complete" amatanthauza kuti mafoda amene munasankha akwera. Google Photos imayamba ndi foda ya kamera. Foda ya WhatsApp Images, ya Download, ndipo pa mafoni ena ngakhale ya Screenshots, sizikwera zokha. Muyenera kulowa pa Photos settings, kenako Backup, kenako "Back up device folders", n'kuyatsa foda iliyonse imene mukuifuna. Tsono taganizani, ife a geni zinthu zathu zofunika zimadzera kuti? Umboni woti munthu watumiza ndalama pa EcoCash kapena Airtel Money ndi screenshot. Invoyisi ya ku Joni imabwera pa WhatsApp. Mapepala a katundu amene abwana kapena ejenti amatumizira dalaivala amabwera pa WhatsApp. Zonsezi zimakhala m'mafoda amene cloud siikuwaona.

Ndiye musakhulupirire mawu a pa skirini. Bwerekani foni ya mnzanu kapena kompyuta, mulowe pa photos.google.com ndi akaunti yanu, mufufuze chithunzi chenichenicho chimene mukuopa kutaya. Mukachiona kumeneko, ndiye kuti chakwera. Mukatha mutuluke mu akauntiyo, musaisiye yotsegula m'foni ya eni.

Chachiwiri chimene anthu amapsa nacho ndi kufufuta. Mukatsegula chithunzi mkati mwa Google Photos n'kudina kabini kaja, chithunzicho chimachoka m'foni komanso ku cloud. Anthu amaganiza kuti akuchotsa cha m'foni chokha, ayi ndithu. Chimapita ku bini, chimakhalako masiku 60 ngati chinali chitakwera kale, masiku 30 ngati chinali chisanakwere, kenako basi. Batani loyenera ndi "Free up space". Limenelo limachotsa m'foni zithunzi zokhazo zimene zakwera kale, za ku cloud n'kutsala. Inu a iPhone nkhani ndi yomweyo: iCloud Photos ikakhala yoyatsa, mukafufuta pa foni mwafufuta paliponse, ndipo muli ndi masiku 30 okha kuti mubweze kuchokera mu Recently Deleted. Chanu choyatsa ndi "Optimize iPhone Storage".

Koma apa ndi pamene ndikusiyana ndi ambiri a inu. Malangizo a Free up space analembedwa ndi anthu okhala m'nyumba za wifi. Ife timakhala pa msewu. Chithunzi chikachoka m'foni n'kutsala ku cloud, kuti muchitsegule bwino mufunika netiweki ndi bandulo. Pakati pa Changara ndi Catandica, SIM ya Econet kapena TNM ili m'foni, bandulo ya Movitel yatha, munthu wa yunifolomu akufuna kuona pepala, mumuuza kuti dikirani lili ku cloud? M'zigwa za ku Honde ndi m'mphepete mwa Chirinda muli malo amene netiweki umachita kuikwerera chulu. Ndinaonapo dalaivala wina wamkulu bwino akutuluka thukuta pa boda, akuzungulira ndi foni m'mwamba, kufuna kope la laisensi limene iye mwini anachotsa m'foni dzulo lake pofuna malo.

Maganizo anga ndi akuti zithunzi za m'foni si za mtundu umodzi, ndipo tisamazisunge mofanana. Za ana, za ukwati, za tchalitchi, za katundu amene munagulitsa chaka chatha, zimenezo zikwere ndipo zichoke m'foni. Koma mapepala a ulendo, tsamba la pasipoti, laisensi, inshuwalansi, mapepala a galimoto, malisiti a katundu amene muli naye panopa, masamba a ngongole za mwezi uno, amenewa akhale ku cloud komanso m'foni momwemo. Ine ndimawajambula ndi Scan ya mu Google Drive, amasanduka PDF, kenako ndimadina "Make available offline". Free up space siikhudza PDF. Komanso mapepala enieniwo ndi mafotokope ake amakhala m'pulasitiki pansi pa chikwama china. Chithunzi cha m'foni sichilowa m'malo mwa pepala lenileni pa boda, chimangokuthandizani pepala likasowa kapena likanyowa.

Tsopano nkhani ya kiyi, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse. Funsani anthu khumi m'gulu muno kuti imelo ya foni yawo ndi chiyani. Angapo akuuzani kuti anawatsegulira mnyamata wa m'shopu tsiku limene ankagula foni. Pasiwedi sakuidziwa. Munthu wotereyu akamati zithunzi zake zili ku cloud, zili m'nyumba imene kiyi wake ali ndi munthu wina. Foni ikabedwa ku Beitbridge kapena ikagwera m'madzi, zithunzizo zilipo ndithu, koma iye sadzaziona. Ndipo ife tili ndi vuto lina limene anthu okhala dziko limodzi alibe: ma SIM. Wina ali ndi zitatu, wina zinayi. Google ikafuna kutsimikiza kuti ndinu, imatumiza nambala yachinsinsi ku layini imene munalembetsa. Ngati ndi layini ya ku Mozambique imene munasiya kale, makampani amatseka layini zogona n'kupereka nambalayo kwa munthu wina. Lero lomwe lowani mu akaunti yanu ya Google, pa Security, muone nambala imene ilipo. Ikani layini imene simuisiya. Onjezani imelo ya akazi anu, amuna anu kapena mwana wanu wamkulu ngati yopulumukira. Ngati munayatsa 2-Step Verification, muli ma backup code khumi, alembeni papepala muwasiye kunyumba. Dziwaninso kuti Google inanena kuti kuyambira December 2023 akaunti imene yakhala zaka ziwiri osaigwiritsa ntchito ikhoza kufufutidwa ndi zonse za mkati. Amene muli ndi akaunti yakale ya foni yoyamba ija, momwe muli zithunzi za ana ali makanda, kaitseguleni.

Inu a mathiraki ena ndikudziwa kuti mwayamba kale kuseka, akuti pasiwedi kwa mayi a kunyumba ndiye ayi. Zimenezo mukambirane nokha. Ine ndangoona amayi amasiye awiri akulephera kutsegula foni za amuna awo, momwe munali umboni wa ndalama zimene anthu anakongola.

Wina anena kuti cloud ndi yaulere, bwanji osangoyatsa mafoda onse. Yaulere ndi 15 GB yokha, ndipo imeneyo Gmail, Drive ndi Photos zimagawana. Ku iCloud ndi 5 GB. Kale Google Photos inkalola zithunzi zopanda malire, koma zinatha pa 1 June 2021. Ndiponso kuyambira kumayambiriro kwa 2024 backup ya WhatsApp pa Android imadyanso pa 15 GB yomweyo. Ikadzaza, zithunzi zatsopano zimasiya kukwera, ndipo maimelo amasiya kulowa. Ejenti adzati ndatumiza, inu simukuona kanthu. Mukayatsa foda ya WhatsApp Video, mudzadzaza nkhokwe yanu ndi maulaliki, ngozi za pa msewu ndi nthabwala za m'magulu ngati lino. Ine foda ya mavidiyo sindiyatsa. Ya WhatsApp Images ndimayatsa, koma ndisanatero ndimasesa maluwa a "mwadzuka bwanji" aja. Lowani mu WhatsApp, Settings, Storage and data, Manage storage. Muona zinthu zoposa 5 MB ndi zimene zatumizidwa kambirimbiri. Pa foni yanga ya Tecno zinthu zimenezi ndi zimene zinkadya malo, zithunzi zanga zinali zochepa. Pomwepo zimitsani Media auto-download kuti vidiyo izilowa pokhapokha mwaidina. Ambiri mukachita izi zokha mupeza kuti foni yapuma musanakhudze chithunzi ngakhale chimodzi. Mu Google Photos sankhani "Storage saver", imachepetsa zithunzi pang'ono koma lisiti limawerengeka bwinobwino.

Za bandulo ndikuvomereza, ndi zodula, ndipo backup ikhoza kumaliza ndalama zanu usiku umodzi. Isiyeni pa wifi yokha, ndipo ya roaming ikhale yozimitsa. Koma mukatero kumbukirani kuti zimene mwajambula pa ulendo sizinakwere mpaka mutapeza wifi. Ine ndikafika pogona pamene pali wifi, ndimatsegula app, foni ili pa chaja, ndimadikira imalize ndisanagone. Masamba a ngongole okha ndimawakweza tsiku lomwelo ngakhale ndi bandulo, poti ndi ochepa.

A memori khadi, ndakumvani. Khadi ndi yabwino, sifuna netiweki, sifuna pasiwedi. Koma ili mkati mwa foni, wakuba akatenga foni watenga zonse ziwiri. Komanso makhadi otchipa a pa msika ena amalembedwa 64 GB koma mkati muli kochepa, umangodzapeza zithunzi zasanduka zotuwa. Ngati mukufuna khadi, gulani m'shopu yodalirika, mukopere zithunzi, muitulutse, muisiye kunyumba. Ma app otsukira foni aja ine sindiwafuna n'komwe. Files by Google imachita ntchito yomweyo ndipo imakuonetsani chimene ikufuna kuchotsa musanavomere.

Mlongo amene munafunsa uja, musapite kukaflasha. Yambani ndi WhatsApp, kenako muone mafoda, kenako mutsimikize pa foni ina, Free up space ikhale yomaliza. Mukakanika lembani pansipa mtundu wa foni yanu, ndiyankha ndikafika pa netiweki, mawa ndikulawirira ku Hauna. Ndipo ngati muno muli wina wa ku maesiteti a ku Chipinge amene anali pa maliro a bambo anga n'kujambulako ngakhale chithunzi chimodzi, ndilembereni ku inbox. Ndikufunafunabe.