Kukana si mwano

Amayi anzanga, nyimbo ya Shakira ndi Fuerza Regida ya "El Jefe", yomwe inatuluka mu 2023, ndi ya Chisipanishi koma ikukamba za ife. Dzinalo likutanthauza "bwana". Wantchito amalawirira, amayenda wapansi, bwana ali phee m'galimoto yodula, malipiro osakwana. Kumapeto Shakira amatchula mayi amene ankalera ana ake, kuti sanapatsidwe ndalama zake atachotsedwa ntchito.

Ine ndimati kukana si mwano. Madamu akati mugwire tsiku la ofu, funsani kuti alipira zingati. Pasipoti yanu muzisunga nokha. Nanunso akumudzi, tikati mwezi uno sititumiza, musatinene kuti tayamba matama. Kuno tinabwera kudzagulitsa mphamvu, ulemu wathu sitigulitsa ayi.