Laser si matsenga, musamumane mwana magalasi

Amayi ndi abambo, lero ndiyankhula mosapsatira. Kukumveka nkhani yoti mwana wosaona patali asamavale magalasi chifukwa amapha maso, bola adikire akadzakula adzapite ku Johannesburg kapena ku India kukapanga opaleshoni ya laser. Limeneli ndi bodza, ndipo amene akulipira mtengo wake ndi mwana wanu amene akulephera kuona pa bolodi.

Magalasi saononga maso. Diso losaona patali nthawi zambiri limakhala lotalikirapo kuposa muyezo. Laser siifupikitsa diso, imangosema kagalasi ka kutsogolo kwa diso kuti kuwala kuzigwera malo oyenera.

Njira zodziwika zilipo zitatu. Pa LASIK amatsegula kachikopa kopyapyala, n'kusema pansi pake, n'kukabwezeretsa. Munthu amayamba kuona bwino tsiku limodzi kapena awiri, koma maso amauma. Pa PRK amachotsa khungu la pamwamba: diso limapweteka masiku angapo, ndipo kuona kumayera patapita milungu. Pa SMILE amaboola pang'ono chabe, kuuma kwa maso kumachepako, koma sikutheratu.

Ambiri amakhutira, zimenezo ndi zoona. Koma kuwerenga zilembo kuchipatala masana n'kosiyana ndi kuyenda usiku. Pa njira zonse zitatu, ena amaona nyali za galimoto zikuthobwa m'maso kapena zitazunguliridwa ndi mkombero wowala. Kwa ambiri zimachepa pakatha miyezi 3 mpaka 6, kwa ena zimakhalitsa. Akapitirira zaka 40, ambiri amafunabe magalasi owerengera.

Komanso si aliyense angapange. Munthu ayenera kukhala atakwanitsa zaka 18, ndipo mphamvu ya magalasi ake isanasinthe kwa chaka chathunthu. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa adikire. Wa shuga wosakhazikika, ayi. Ng'ala ya agogo ndi matenda ena, opaleshoni yake ndi ina.

Ndiye mwana wa sitandade 4 adikire zaka zonsezi ali mumdima? Sukulu simudikira. Mukamuona akutsinzinira poyang'ana patali, akuyandikiza buku kumaso, kapena akukopera notsi kwa mnzake, pitani naye kuchipatala cha boma cha m'boma lanu akamuyeze maso. Musamuthire mankhwala azitsamba kapena mkaka wa m'mawere m'maso. Musamugulire magalasi a pamsika osayezedwa.

Za laser adzasankha yekha akadzakula. Lero mupatseni magalasi, aone.