WOSESA MSIKA ATENGE MANYOWA

Alimi anzathu a m'boma la Phalombe, inu olembetsa ndiponso inu amene mumalima pa minda ya maesiteti, mwezi uno tikufuna tikambirane nkhani ya zinyalala. Ena mudzati imeneyi ndi nkhani ya anthu a m'tauni kapena ya azaumoyo. Ife tikuti ndi nkhani ya mlimi, pakuti ikukhudza belo lanu, khola lanu ndi munda wanu.

Munthu akafika pa Migowi kapena pa Chiringa madzulo a tsiku la msika, ogulitsa atamanga kale katundu wawo, amapeza pabwalo pali mbwee makoko a nzimbe, masamba a kabichi, tomato woola, zitsononkho, ndowe za mbuzi, ndiponso majumbo osaŵerengeka. Kukacha mphepo imakhala itauluza majumbo aja kukawakola m'mizere ya minda yoyandikana nayo. Zotsalazo wina amazisonkhanitsa pamodzi nkuyatsa moto.

Mu November 2020 Boma lidakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiŵiri la mwezi uliwonse, ndipo Pulezidenti wa nthaŵi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, adatsegulira ntchitoyi kwa Chinsapo ku Lilongwe. Ganizoli lidali labwino. Anthu adatuluka ndi matsache, makasu ndi mawilibala. Koma m'malo ambiri changu chija sichidakhalitse, ndipo otsala pa ntchitoyi adali amayi a mipingo, ana a sukulu ndi achinyamata oŵerengeka. Ameneŵa tiwathokoze, chifukwa amagwira ntchito yonunkha popanda wowapatsa ngakhale tambala.

Nanga enafe tidathaŵiranji? Sitikhulupirira kuti ndi ulesi. Mlimi amene amadzuka tambala woyamba kukapalira nandolo saopa tsache. Chimene anthu a kuno amakana ndicho kugwira ntchito imene phindu lake adya ndi wina. Makolo a ambiri a ife adachokera ku Mozambique nakhala pa minda ya azungu, kumene ankagwira thangata kuti asathamangitsidwe pa malo. Lamulo lidathetsa thangatayo mu 1962, koma mawuwo sadafe. Chitatha chaka cha 1994 anthu ena adayamba kutchula ngakhale ntchito yachitukuko ya m'mudzi, monga kuumba njerwa za sukulu ndi kulambula mseu, kuti ndi thangata. Tsono munthu ukamuitana kuti adzasese zinyalala zimene adataya ogulitsa ena, kenaka nkuzitentha iye akuona, usadabwe mwezi wamaŵa akapanda kubwera.

Maganizo athu ndi akuti wosesayo azichoka ndi kanthu, ndipo kanthuko kali pomwepo. Zambiri mwa zinyalala za pa msika wa kumudzi ndi zinthu zoola. Ameneŵa ndi manyowa amene tikuwatentha sabata ndi sabata, pamene mu 2025 thumba limodzi la feteleza la makilogalamu 50 lidapitirira K100,000. Kalabu ya alimi, ingakhale ya anthu khumi okha, ipite kwa amfumu ndi kwa akomiti ya msika nkupangana motere: ife tizisesa pakutha pa msika uliwonse, koma zoola zonse ndi zathu, ndipo mutipatse kamalo kuseri kwa msika koti tiunjikepo. Posesapo muzisiyanitsa nthaŵi yomweyo, zoola mbali iyi, majumbo ndi mabotolo mbali iyo. Zikasakanikirana kale palibe amene angapirire kuzisankha.

Kapangidwe ka manyowa mukukadziŵa, ndipo alangizi a ku Naminjiwa, Waruma, Tamani ndi madera ena akhala akuphunzitsa. Pansi muyale mapesi oduladula, pamwamba pake masamba aŵisi ndi zoola za pa msika zija, kenaka ndowe ndi phulusa pang'ono, nkuwaza madzi, ndi kubwereza motero mpaka mulu utakwera. Mukafuna chimato, mumate ndi dothi kusiya kabowo kopumira. Zikani ndodo pakati. Mukaizula patapita masiku angapo nkuipeza yotentha, dziŵani kuti manyowa akupsa bwino. Ikakhala yozizira ndi youma, madzi achepa. Pakatha miyezi iŵiri kapena itatu mugaŵane molingana ndi masiku amene aliyense adabwera kudzasesa. Mlembi wa kalabu asunge kaundula, pakuti makalabu ambiri amasweka pa tsiku logaŵana.

Sitikunama kuti manyowa ameneŵa adzaloŵa m'malo mwa feteleza yense. Chimanga chidzafunabe feteleza wobereketsa. Koma nthaka yothiridwa manyowa imasunga chinyontho, ndipo pa chigwa chathu chino, pamene mvula imatha kudula pakati chimanga chili m'mawondo, chimenechi si chinthu chochepa.

Tsono za majumbo. Olima fodya akudziŵa chimene chimachitika ku okushoni ku Limbe pamene m'belo mwapezeka kachidutswa ka pulasitiki kapena ulusi wa thumba la feteleza. Belolo limabwezedwa kuti likasankhidwenso, ndipo mlimi amalipira ntchitoyo, nadikira masabata ena ngongole ikumuyembekeza. Ogula amaopa pulasitiki koposa mchenga kapena nthenga, chifukwa imanyenyeka pamodzi ndi fodya m'makina ndipo sichotseka. Kaŵirikaŵiri mlimiyo sadachite dala. Jumbo lidauluka kuchokera pa mseu nkuloŵa m'chigafa, kapena mwana adamangira fodya ndi ulusi wosolola ku thumba. Inu a m'maesiteti, amene malipiro anu amadikira kugulitsidwa kwa fodya, belo lobwezedwa limakupwetekani koposa mwini munda. Sesani pozungulira chigafa musanayambe kusankha, ndipo matumba a feteleza asafike pamene mukudindira.

Mbuzi nazo zimadya majumbo, makamaka amene mudali mchere kapena mafuta a tchipisi. Jumbo siligayika m'mimba. Chiŵeto chimangoonda, mimba ili tuu, mwini nkumagula mankhwala a njoka osaona kusintha. Funsani aliyense wopha mbuzi pa msika akuuzeni zimene amapeza akang'amba chifu.

Lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala, osafika mamaikuloni 60, lidakhazikitsidwa mu 2015. Makampani opanga mapulasitiki adapita ku khoti, Khoti Lalikulu la Apilo lidagamula mokomera lamuloli mu 2019, koma milandu idapitirirabe zaka zina zingapo. Pamene akuluakulu ankatsutsana ku Blantyre ndi ku Lilongwe, majumbo ankachulukirabe m'minda. Amayi athu ankapita ku msika ndi dengu ndi kansalu komangira mchere, ndipo madengu akulukidwabe. Jumbo limene simudalandire simudzalisesa.

Pali chinyalala chimodzi chimene tikupempha kuti odzipereka, makamaka ana a sukulu, asachigwire ndi manja: botolo la mankhwala a mbeu. Chifikireni mbozi za ntchemberezandonda m'nyengo ya 2016 ndi 2017, mabotoloŵa achuluka m'midzi, ndipo timawaona akusungiramo mchere, mafuta ophikira, ngakhale madzi a mwana wopita ku dimba. Botolo likatha, litsukuluzeni katatu, madziwo muthire m'chopopera kuti akagwire ntchito m'munda, kenaka mulibowole kuti wina asaligwiritsenso ntchito. Musalitenthe, musaliponye mu mtsinje kapena pa mulu wa manyowa. Lisungeni pokhoma ndipo mufunse alangizi za katayidwe kake. Ntchito imeneyi ndi ya mwini munda amene adagula mankhwalawo.

Ena adzati, kodi si khonsolo imene imatolera ndalama za matikiti pa msika? Isese yokha. Mawu ameneŵa ali ndi nzeru, ndipo kalabu isachite manyazi kupempha mawilibala, mafosholo ndi magolovesi kuchokera pa ndalama zimenezo. Pemphani pa msonkhano, amfumu ali pomwepo. Koma ngalande ikatsekeka madzi saloŵa mu ofesi, amaloŵa mu nazale yanu. Sitikunena kuti zinyalala ndizo zidagwetsa Napolo wa ku Michesi mu March 1991, kapena madzi a namondwe Freddy amene adasesa kwa Nkhulambe mu March 2023. Zoterozo palibe tsache limene likadaziletsa. Tikunena za mvula wamba ya mu January, imene imasefukira m'munda chifukwa paipi ya pansi pa mseu yadzaza majumbo ndi mabotolo. Ndipo zimene zapulumuka pamenepo zimatsata mtsinje wa Phalombe mpaka ku nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukira, kumene anzathu amalima mpunga ndi kupha matemba amene timadya tonsefe.

Nthaŵi yabwino yoyambira ndi pamene mwangokolola, mu April ndi May, mapesi akadalipo ndipo madzi sadaphwe m'zitsime. Mulu woyamba ukaunjikidwa mu May udzakhala utapsa mu August, nthaŵi yokwanira kuututira ku munda musanayambe kugalauza.