Pensulo ya HB Njokwanira, Tisanamizane

Chaka chatha ndinamaliza kulemba kabuku ka ana ka nthano ya Kalulu ndi Fisi. Ndinapempha mphwanga, mnyamata wa dzanja labwino, kuti andijambulire zithunzi zake. Iye anati, "Amalume, sindingayambe popanda tabuleti ndi zolembera zakunja." Mpaka lero Fisi wanga alibe nkhope.

Matendawa afala pakati pa achinyamata athu ojambula, ndipo ine ndikuti ndi ulesi wovala jekete. Ntchito yoyamba ya wojambula ndiyo kufufuza kuti mwini nkhaniyo ndi wotani. Kodi Fisi akhale wa mimba yaikulu? Nanga dyera lake lioneke m'maso kapena pakamwa? Mayankho amabwera munthu akajambula mitu makumi awiri, nataya khumi ndi isanu ndi inayi. Pepala lodula limam'patsa munthu mantha olakwitsa, pamene kope la kusukulu saliumira.

Zofunika ndi zochepa: pensulo, labala, lezala ndi mapepala. Mtima wa pensulo ndi graphite wosakaniza ndi dongo, njira imene Nicolas-Jacques Conté anayambitsa ku France mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imauma, ndiyo ya chilembo H. Likachepa imafewa n'kumada kwambiri, ndiyo ya B. Choncho HB ya m'golosale imakwanira kulemba mizere yoyamba, ndipo 2B imadetsa mzere umene wakukhutiritsani. Basi!

Ena amanena kuti dziko linasintha, osindikiza mabuku akufuna zithunzi za pakompyuta. Nzoona, ndipo sindikutsutsa. Koma kompyuta imakongoletsa chimene chabadwa kale. Mickey Mouse, amene Ub Iwerks anajambula mu 1928, anabadwira papepala, ndipo makutu ake ndi timizere tiwiri tozungulira chabe. Kuno kwathu, zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni ku Dedza zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, malo okwana 127. Akafula ndi makolo athu Achewa anazijambula ndi utoto wofiira ndi dothi loyera. Iwowo anadikira tabuleti ya yani?

Ifenso alembi tili ndi mlandu, chifukwa timatamanda chithunzi chonyezimira osafunsa ngati chili ndi moyo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mphwanga, ndakusungira makalenda akale atatu. Kuseri kwake nkoyera. Songola pensulo, Fisi akudikira.